Banja Latha, Koma Mchere Tizipemphanabe

Kumudzi banja likatha, ankhoswe amakhala pansi m'mawa umodzi, n'kugawa mbale, mphasa ndi mbuzi, mkamwini n'kumanga kamtolo kake, ulendo wa kwawo. Anzathu a ku Britain anathetsa banja la zaka 47 ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union (EU), koma atamanga kamtolo anapeza kuti kwawoko n'kuseri kwa mpanda womwewo, ndipo mchere, moto ndi chigayo zatsala kwa mayi akunyumba akalewo. Voti inachitika pa 23 Juni 2016, anthu 52 pa 100 alionse n'kuti tituluke. Anatulukadi pa 31 Januwale 2020, ndipo kutulukako amakutcha Brexit. Zapakatipo ndi zapambuyo pake ndi zimene ndakutengerani lero, ndipo palibe imene ndapeka. Mutu wanga sungafike pamenepo.

Kuti museke mukudziwa chimene mukuseka, gwirani kaye ichi. Ukakhala membala wa EU, katundu wako amachoka ku Manchester n'kukafika ku Milan popanda msonkho, popanda fomu, popanda wovala yunifolomu wokufunsa kuti mwanyamula chiyani. Kuwonjezera apo, bungweli linali ndi mapangano a zamalonda pafupifupi 40 ndi mayiko ena okwana ngati 70, ndipo membala aliyense ankadyera momwemo. Ukatuluka, zonsezi umazisiya pakhomo. Ukatero umayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha kuti akugule ndi kukugulitsa monga ankachitira dzulo.

Ntchito yosavuta

Amene anapatsidwa ntchito yogogoda m'makomo ndi a Liam Fox, nduna ya zamalonda ndi mayiko akunja, omwe poyamba anali dokotala. Mu Julayi 2017 anauza wailesi ya BBC kuti pangano la zamalonda ndi EU lidzakhala limodzi mwa mapangano osavuta kwambiri m'mbiri ya anthu. Osati m'mbiri ya Britain, ayi. Ya anthu onse, kuyambira kwa Adamu. Patangotha miyezi itatu anawonjezera kuti mapangano 40 aja adzakhala atakonzeka pakangodutsa sekondi imodzi kuchokera pa 12 koloko usiku, tsiku lotuluka, mu Malichi 2019.

Tsikulo litayandikira anthu anayamba kuwerenga ndi zala, ndipo zala zinatsala. Limodzi mwa mapangano oyambirira amene adokotala anabwera nawo linali la zilumba za Faroe, kumene kuli anthu opitirira pang'ono 50,000, nkhosa n'kukhala zambiri kuposa eni ake. Mzinda wa Zomba ndi waukulu kuposa pamenepo. Mwayi wa adokotala unali woti usiku umene anautchulawo sunafike n'komwe, popeza tsiku lotuluka linasunthidwa.

Bwana wopanda pepala

Mwezi womwewo wa Julayi 2017 kunatuluka chithunzi cha ku Brussels, likulu la EU. Mbali imodzi ya tebulo kwakhala a Michel Barnier, woimira EU, ndi anzawo awiri, aliyense ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake. Mbali inayo kwakhala a David Davis, nduna yoyendetsa zotulukazo, ndi anzawo awiri. Patsogolo pa a Davis pali tebulo basi, kuwala kuti mbee, iwo akumwetulira. Posakhalitsa anakwera ulendo wobwerera ku London.

Amene analowa m'malo mwawo, a Dominic Raab, ndiye anavula chipewa poyera. Mu Novembala 2018 anauza msonkhano wina kuti sankadziwa bwinobwino kuti malonda a dziko lawo amadalira kwambiri njira ya pamadzi ya pakati pa Dover ndi Calais. Dzikolo ndi chilumba. Kukacha bwino, munthu ali ku Dover amaiona France ndi maso. Padokopo pamadutsa mathiraki ofika 10,000 pa tsiku. Nduna yoona zotuluka inazindikira zimenezi itakhala kale miyezi inayi pampando. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadya ndi ena.

Kampani ya sitima

Boma litamva kuti Dover ndi wofunika, linaganiza zokonzekera. Mu Disembala 2018 unduna wa zamtengatenga, pansi pa a Chris Grayling, unapereka kontirakiti ya mapaundi 13.8 miliyoni kwa kampani ya Seaborne Freight kuti izidzawolotsa mathiraki kuchoka ku Ramsgate kupita ku Ostend m'dziko la Belgium. Kampaniyo inali ndi dzina, inali ndi mabwana, inali ndi tsamba pa intaneti. Chimene inalibe ndi sitima. Ngakhale imodzi. Inali isanawolotsepo ngakhale njinga.

Atolankhani atawerenga malamulo a kampaniyo patsambalo anapeza mawu olangiza kasitomala kuti aziyang'anitsitsa chakudya chake asanalipire. Zinaoneka kuti malamulowo anangowakopera kwa ogulitsa zakudya zokutumizira kunyumba. A Grayling m'maso muli gwa anati sapepesa chifukwa chothandiza bizinesi yatsopano ya m'dziko mwawo. Mu Febuluwale 2019 kontirakiti inathetsedwa. Kenaka kampani ya Eurotunnel, yoyendetsa njanji ya pansi pa nyanja, inakamang'ala kukhoti kuti makontirakiti a ntchitoyo anaperekedwa mwachinsinsi, boma n'kuipepesa ndi mapaundi 33 miliyoni. Inu amene mumaganiza kuti zopereka kontirakiti kwa munthu wopanda ngakhale wilibala zinayambira kwathu kuno, pepani, tili ndi anzathu.

Nduna yomweyo inakonzanso zoyeserera mzere wa mathiraki. Mu Januwale 2019 anaitana mathiraki 150 kuti asonkhane pabwalo lakale la ndege la Manston, ayende mondondozana mpaka ku Dover, boma lione mmene kuthithikana kudzakhalire. Anabwera 89. Anayenda bwinobwino, msewu uli see, boma n'kunena kuti laphunzirapo zambiri.

Ndalama ndi pasipoti

Anaganizanso zosula ndalama yachitsulo ya chikumbutso, ya 50 pensi, yolembedwa tsiku lotuluka. Tsiku loyamba, 29 Malichi 2019, linalephereka. A Boris Johnson atakhala nduna yaikulu analumbira kuti kuli bwino awapeze atafera m'ngalande kusiyana n'kukapempha kuti tsiku la 31 Okutobala 2019 lisunthidwe. Osula ndalama anawakhulupirira n'kuyamba kusula. Lamulo litawakakamiza, a Johnson anatumiza kalata yopempha ku Brussels, koma osaisaina, n'kutumizanso ina yosaina yonena kuti iwo sakugwirizana ndi yoyambayo. Ndalama pafupifupi miliyoni imodzi zinabwerera m'ng'anjo kukasungunulidwa. M'ngalande simunapezeke munthu.

Pasipoti nayo inasintha mtundu, kuchoka ku yofiirira ya ku Ulaya kubwerera ku yabuluu ya makolo, chizindikiro cha ufulu. Ntchito yosindikiza inalandidwa kwa kampani ya ku Britain ya De La Rue n'kupatsidwa kwa Gemalto, kampani ya ku France ndi Netherlands, yomwe inakapangira mapasipotiwo ku Poland. Komanso EU sinakakamizepo munthu mtundu wa pasipoti: dziko la Croatia linalowa m'bungwemo ndi yabuluu yake, n'kukhala nayo mwakachetechete.

Gule wa ku Cape Town ndi nthochi za ku Ghana

Africa sanaiiwale. Mu Ogasiti 2018 Mayi Theresa May, nduna yaikulu panthawiyo, anafika ku Cape Town kudzafunafuna malonda, ndipo pasukulu ina ana atayamba kuimba, mayiwa anavina. Ndi kuvina kumene thupi limapita uku, nyimbo n'kupita uko. Ku Nairobi anabwerezanso, kuti tisaganize kuti inali ngozi. Chimene ankavinira chinali chakuti mayiko a South Africa, Botswana, Namibia, Lesotho, Eswatini ndi Mozambique avomera kuti pangano lomwe anali nalo ndi EU lipitirire ndi Britain mmene linalili.

Ndipo ambiri mwa mapangano amene nduna zinkajambulitsa nawo zithunzi anali otero. Ntchito yaikulu inali kufufuta pamene palembedwa European Union n'kulembapo United Kingdom, kenaka mbendera, cholembera chodula, kugwirana chanza. Kunena chilungamo, akuluakulu a m'maofesi anagwira ntchito yotamandika, chifukwa pofika 2021 mayiko ambiri mwa 70 aja anali atasaina. Kungoti munthu sumaitana oimba kuti adzasangalalire zimene unali nazo kale.

Amene anachedwa kusaina anazionera. Mu Januwale 2021 sitima yonyamula nthochi za ku Ghana inafika padoko la Portsmouth n'kulipitsidwa msonkho wa mapaundi 17,500. Nthochizo zinakwera sitima malamulo ali ena, n'kutsika malamulo ali ena. Pangano la Ghana linasainidwa mu Malichi.

Ife a ku Malawi ndi Zambia sitinafunike kusaina kanthu. Umphawi unatiyankhulira. Katundu wa mayiko osaukitsitsa ankalowa ku EU popanda msonkho, Britain n'kusunga dongosolo lomwelo, ndipo mu Juni 2023 analipatsa dzina latsopano. Koma penyani shuga. Britain itangotuluka inalola kuti matani 260,000 a shuga wa nzimbe wosayenga azilowa chaka chilichonse popanda msonkho kuchokera kulikonse, kutanthauza kuti kamwayi kamene mlimi wa ku Nchalo ndi Dwangwa anali nako kanatsegukiranso zimphona zonga Brazil. Amene anasangalala ndi kampani yoyenga shuga ya Tate & Lyle ya ku London. A David Davis aja, a tebulo lowala aja, anagwira ntchito ku Tate & Lyle zaka zambiri asanalowe ndale. Ndangotchulapo, si kuti ndikunena kanthu.

Tchizi cha Mayi Truss

Pangano loyamba lomwe boma linati ndi lakelake linali la Japan, lomwe Mayi Liz Truss, nduna ya zamalonda panthawiyo, anasaina ku Tokyo mu Okutobala 2020. Mayiwa ndi tchizi anayambana kale. Mu 2014 anaima pamsonkhano wa chipani chawo n'kukalipa kuti n'zochititsa manyazi kuti magawo awiri mwa atatu a tchizi chimene dziko lawo limadya n'chochokera kunja, n'kuima kudikira kuti anthu awombe m'manja. Choncho zokambirana ndi Japan zitatsala pang'ono kutha, zinaima chifukwa cha Stilton, tchizi chokhala ndi mizere ya nkhungu yabuluu, chimene fungo lake limafika alendo asanafike. Tchizi chotere chimene Britain inagulitsa ku Japan chaka chonse cha 2019 chinali cha ndalama zongopitirira pang'ono mapaundi 100,000, zosakwana kugula kachipinda kamodzi pakati pa London.

Mapeto ake a Japan anavomera kuti Britain izigulitsa tchizi pamsonkho wotsika, pokhapokha ngati a EU sanamalize gawo lawo. Akadya n'kusiyako, inu mudzalowe. Boma lomwelo linawerengetsa kuti pangano lonselo lidzakweza chuma cha dziko ndi 0.07 peresenti, pakapita zaka zambiri.

Sabata yotsatira unduna unalengeza pa Twitter kuti msuzi wa soya wa ku Japan utsika mtengo chifukwa cha panganoli. Anthu anaukumbutsa kuti msonkho wa msuziwo unali kale ziro pansi pa pangano la EU ndi Japan, komanso kuti msuzi wambiri wa m'masitolo a ku Britain umapangidwa ku Netherlands.

Mphatso ya Khirisimasi

Pangano lenileni, lija losavuta m'mbiri ya anthu, linatheka madzulo a 24 Disembala 2020, kutatsala sabata imodzi kuti malamulo akale athe mphamvu. Masamba 1,246. Aphungu anaitanidwa kutchuthi pa 30 Disembala n'kulivomereza tsiku limodzi. Amene anapirira n'kuliwerenga anapeza ndime yotchula Netscape Communicator, pulogalamu ya pa kompyuta ya m'ma 1990, ngati chipangizo chamakono chotumizira makalata. Wina atatopa usiku anangokopera lamulo lakale la 2008 n'kupita kukagona.

Chimene chinachedwetsa zonse ndi nsomba. Usodzi sufika ngakhale theka la 1 peresenti ya chuma cha Britain, koma ndi umene unagwira anthu pakhosi mpaka usiku womaliza, ndipo a Johnson polengeza panganolo anavala tayi ya zithunzi za nsomba. Chovuta n'chakuti nsomba zambiri zimene asodzi a kumeneko amagwira, eni dziko sazidya, amazigulitsa ku France ndi Spain. Zimene amakonda kudya ndi tchipisi amazigula ku Norway, Iceland ndi ku Faroe kuja. Ndiye Januwale atafika, nkhanu ndi nsomba za ku Scotland zinayamba kuwolera m'mathiraki podikira zikalata za dokotala wa ziweto ndi mafomu a kasitomu. Pa 18 Januwale 2021 ogulitsa nkhanu anakaimika mathiraki awo pafupi ndi nyumba ya malamulo. Walira mvula walira matope.

Masiku angapo izi zisanachitike, a Jacob Rees-Mogg, mtsogoleri wa zokambirana m'nyumbamo, anali atatonthoza kale mtundu. Anati chachikulu n'chakuti nsomba zabwerera kwa eni ake, tsopano ndi nsomba za Britain, ndipo chifukwa cha chimenecho ndi nsomba zabwinopo komanso zosangalala. Nsomba sizinafunsidwe.

Buledi yekha

Iyi ndiye inajambulidwa ndi wailesi ya kanema ya ku Netherlands, padoko la Hook of Holland, sabata zoyambirira za 2021. Dalaivala watsika m'sitima yochokera ku Britain. Wa kasitomu, atavala jekete yowala ndi chotseka pakamwa cha nthawi ya Covid, akusanthula m'galimoto n'kutulutsa timapaketi tokulunga m'pepala lonyezimira. Ndi kamba wa paulendo, masangweji. Akufunsa ngati onsewo ali ndi nyama. Dalaivala akuvomera. Wa kasitomu akuti basi, atenga onse, chifukwa nyama ndi za mkaka zochokera kunja kwa EU siziloledwa kulowa, ngakhale zikhale za m'thumba la munthu.

Dalaivala, mwa nzeru za munthu wanjala, akupempha kuti achotsemo nyamayo awapatse, iye atsale ndi buledi. Wa kasitomu akukana: zonse zilandidwa. Kenaka, mwaulemu wonse, akumulandira bwanayo ku Brexit, n'kupepesa.

Kankhumba koyendayenda

Pangano la Khirisimasi lija linati palibe msonkho pakati pa Britain ndi EU, ndipo anthu anaombera m'manja asanawerenge mawu ang'onoang'ono. Palibe msonkho pa katundu wopangidwa kwanuko. Amalonda odutsa pa Mchinji kapena pa Mwanza akudziwa kale za chikalata chosonyeza kumene katundu anapangidwira, kuti popanda chimenecho za COMESA ndi SADC zimangokhala nkhani.

Sitolo ya Marks & Spencer ili ndi maswiti otchuka otchedwa Percy Pig, okhala ngati nkhope ya kankhumba kapinki. Amapangidwa ku Germany. Kuchoka ku Germany kupita kunkhokwe ya sitoloyo ku England, palibe msonkho, poti ndi katundu wa EU. Kuchoka ku England kupita kumasitolo a kampaniyo ku Ireland, dziko la EU, nkhani inavuta. Kankhumbako si ka Britain, chifukwa ku England sikanaphikidwe, kanangogonako. Koma si ka EU, chifukwa kanatuluka. Mu Januwale 2021 mkulu wa kampaniyo anachita kudandaula poyera kuti kankhumba kobadwira ku Ulaya kangalipitsidwe msonkho pobwerera ku Ulaya. Mabizinesi ambiri ang'onoang'ono, opanda maloya owawerengera zoterezi, anangosiya kugulitsa kutsidyako. Ena anakatsegula nkhokwe ku Netherlands n'kulemba ntchito anthu a kumeneko.

Nkhondo ya masoseji

Northern Ireland ndi gawo la United Kingdom, koma ili pachilumba chimodzi ndi dziko la Ireland. Malire ake ndi a makilomita pafupifupi 500, misewu yodutsapo yopitirira 200, ndipo mtendere umene unabwera mu 1998 pambuyo pa zaka 30 za kuphana umadalira kuti pamalirepo pasakhalenso zipata. Ndiye katundu azifufuzidwira pati? A Johnson anasaina kuti azifufuzidwira panyanja, pakati pa Britain ndi Northern Ireland, m'kati mwa dziko lawo lomwe. Atatero anapita kukauza amalonda a kumeneko, mu Novembala 2019, kuti wina akadzawapatsa fomu yoti alembe, adzamuuze aimbire foni nduna yaikulu, ndipo iwo adzalamula kuti fomuyo itayidwe m'bini.

Mafomu anabwera. Pofika Juni 2021 kunabuka mkangano woti kodi soseji yosaumitsa ya ku England ingagulitsidwe ku Belfast, likulu la Northern Ireland. Atsogoleri a mayiko olemera a G7 atakumana ku Cornwall, dziko lonse lili pa mliri, nyuzipepala zinalemba kuti a Johnson anafunsa a Emmanuel Macron, pulezidenti wa France, kuti angamve bwanji soseji ya ku Toulouse italetsedwa ku Paris, m'dziko lomwelo. A Macron akuti anayankha kuti zimenezo n'zosiyana, ndipo a ku London anakwiya sabata yathunthu.

Anadzakonza zinthu ndi a Rishi Sunak, nduna yaikulu panthawiyo, mu Febuluwale 2023, ndi njira yobiriwira ya katundu wotsalira ku Northern Ireland ndi yofiira ya wopitirira ku Ireland. M'mawa mwake anapita kufakitale ya Coca-Cola ku Lisburn, nkhope ili ngwee, n'kuuza ogwira ntchito kuti dera lawo lili ndi mwayi wosaneneka umene palibe wina aliyense padziko ali nawo, wogulitsa momasuka ku Britain komanso ku EU. Mwayi umenewu dziko lonse linali nawo mpaka 2020. A Sunak anavotera kutuluka.

Mpando wolimba

Za Australia zinayamba ndi mabisiketi. Mu Juni 2020 a Johnson anajambulitsa kanema akugwedeza paketi ya Tim Tam, kufunsa kuti anthu awo amanidwa mpaka liti mabisiketi otere pamtengo wabwino. Mu Epulo 2021, nduna ya zamalonda ya Australia, a Dan Tehan, ili m'njira kubwera ku London, anthu a Mayi Truss ananong'oneza nyuzipepala kuti mlendoyo ndi wosazolowera, ndipo amukhazika pampando wosakhalika kwa maola asanu ndi anayi mpaka agonje.

Mlendo anakhala pampando, anabwerera kwawo, pangano linasainidwa mu Disembala 2021. Alimi a ng'ombe ndi nkhosa a ku Australia anapatsidwa msika wa Britain, msonkho n'kumachotsedwa pang'onopang'ono mpaka kutheratu pakatha zaka 15. Alimi a ku Wales ndi Scotland anangoti kukamwa yasa. Mu Novembala 2022 a George Eustice, omwe anali nduna ya zaulimi pamene zonsezi zinkachitika, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunena kuti poti tsopano si nduna, sakufunikanso kukometsera: panganolo si labwino kwenikweni, anapereka zambiri n'kulandira zochepa. Zikuoneka kuti mpando wolimba uja unaikidwa mbali yolakwika ya tebulo.

Mayi Truss anali atakwezedwa kale n'kukhala nduna yaikulu, n'kutsikanso miyezi iwiri isanathe. Nyuzipepala ya Daily Star inaika letesi patsogolo pa kamera usana ndi usiku kuti aone chiyambe kufota n'chiyani, letesiyo kapena utsogoleri wawo. Letesi anapambana.

Samu

Mu Julayi 2023 Mayi Kemi Badenoch, nduna ya zamalonda panthawiyo, anauluka mpaka ku Auckland kukalowetsa Britain m'gulu la mayiko 11 ozungulira nyanja ya Pacific, la CPTPP. Mukayang'ana pamapu muona kuti Britain ili kunyanja ina, ngakhale ili ndi kachilumba ka Pitcairn kumeneko, ka anthu osakwana 100. Komanso mwa mayiko 11 aja, inali kale ndi mapangano ndi onse kupatula Malaysia ndi Brunei.

Tsopano tengani cholembera. Izi ndi ziwerengero za boma lomwelo, osati za adani ake. Japan 0.07 peresenti. Australia 0.08. New Zealand 0.03. Pacific 0.08. Zonse pamodzi 0.26. Pamene ofesi yowerengetsa zachuma ya boma, ya OBR, imati kutuluka mu EU kudzachepetsa chuma cha dzikolo ndi 4 peresenti pakapita nthawi. Mwana wa sitandade 5 angakuuzeni ngati sitoloyi ikupindula. Chifukwa chake si ufiti: thiraki yochoka ku Kent imafika ku France m'maola ochepa, pamene sitima ya ku Sydney imatha sabata zingapo panyanja. Mpaka lero EU ndiye kasitomala wamkulu wa Britain.

Nduna ya mwayi

Mu Febuluwale 2022 a Rees-Mogg, a nsomba zosangalala aja, anasankhidwa kukhala nduna yoona za mwayi wobwera ndi Brexit. Ntchito yawo yoyamba inali kulembera owerenga nyuzipepala ya The Sun kuwapempha kuti awauze malamulo a EU oti achotsedwe. Patatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi chivotereni, nduna ikufunsa anthu kuti kodi tinkafuna chiyani.

Mu Epulo chaka chomwecho anaimitsa zoyamba kufufuza zakudya zochokera ku EU, ponena kuti kutero kukanakhala kudzivulaza wekha. Aja ankafuula kuti tiziyang'anira tokha malire athu ndi omwewa. Kufufuzako kunasunthidwa kasanu, n'kudzayamba mu 2024, ndipo malo ofufuzirawo anamangidwa ku Sevington, makilomita 35 kuchokera ku Dover. Thiraki yokayikiridwa imauzidwa padoko kuti ipite yokha kukadzipereka.

Mwayi wogwirika unadzapezeka mu Disembala 2023: boma linalengeza kuti vinyo atha kumagulitsidwa m'mabotolo a paini imodzi, mamililita 568, muyeso umene a Winston Churchill, nduna yaikulu yakale, ankaukonda. Linali litafunsanso anthu ngati akufuna kubwerera ku miyeso yakale ya mapaundi ndi maaunsi. Anayankha anthu opitirira 100,000, ndipo 98.7 peresenti anati tisiyeni ndi makilogalamu athu.

Diwali iti, Amereka uti

Ali ku India mu Epulo 2022, a Johnson analamula kuti pangano ndi dzikolo lithe pofika chikondwerero cha Diwali. Nzeru zawo zinali zoti sanatchule chaka. Panadutsa ma Diwali atatu ndi nduna zazikulu zitatu, n'kudzasaina wachinayi, a Keir Starmer, ndi a Narendra Modi, nduna yaikulu ya India, mu Julayi 2025. Ili lokha lili ndi kanyama: anagwirizana kuti msonkho wa kachasu wa ku Scotland utsike kuchoka pa 150 peresenti kufika pa 75, kenaka 40 pakatha zaka khumi.

Mphoto yaikulu imene anthu analonjezedwa inali Amereka. A Barack Obama, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, anachenjezeratu mu Epulo 2016 kuti Britain ikatuluka idzakhala kumapeto kwa mzere, anthu n'kuwatukwana kuti akulowerera za eni. Zokambirana zinakakamira pa nkhuku zotsukidwa ndi mankhwala a klorini, zimene a ku Amereka amafuna kugulitsa, a ku Britain osafuna kudya. Washington itatseka chitseko, nduna zinayamba kuzungulira kuseri, kusainirana timapepala ta ubale ndi zigawo monga Indiana, Oklahoma ndi Utah, zomwe zilibe mphamvu yotsitsa msonkho ngakhale wa singano.

Mu Meyi 2025 a Donald Trump anavomera kapangano kochepa: katundu wambiri wa Britain azilipirabe 10 peresenti imene iwo omwe anali atangoikapo, galimoto 100,000 pachaka n'kupeputsidwako. Mwezi wotsatira, ku Canada, a Trump anatsegula chikwatu cha panganolo kuti aonetse atolankhani, mapepala n'kumwazikira pansi. A Starmer anawerama pamapazi pawo n'kuyamba kutola limodzilimodzi. Mwini chikwatu anaima chilili, n'kulengeza kuti wangosaina pangano labwino ndi European Union.

2038

Pa 19 Meyi 2025 akuluakulu a EU anaitanidwa ku London. Anagwirizana zokonza pangano loti zakudya ndi zomera zizidutsa popanda zikalata zambirimbiri zija, ndipo a Starmer analengeza monyadira kuti soseji ya ku Britain idzagulitsidwanso ku Ulaya. Mtengo wake ndi woti Britain izitsatira malamulo a zakudya olembedwa ku Brussels, kumene ilibenso mpando wovotera, n'kumasonkhako kandalama koyendetsera ntchitoyo. Pamwamba pa apo, mabwato a asodzi a ku France, Denmark ndi Netherlands apitiriza kusodza m'madzi a Britain kwa zaka zina 12, mpaka Juni 2038.

A Rees-Mogg sanathe kukafotokozera nyumba ya malamulo mmene nsomba zailandirira nkhaniyi, chifukwa mpando wawo wa uphungu unapita pa chisankho cha 2024.